Matimati, repu ndi karoti: nazale kapena kufesa pompo?

Mnyamata wa ku Mchini, Chipata:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Amalume andibwereka kadimba m'dambo, njira ya ku Chadiza, ndipo Meyi uno ndikufuna kubzala matimati, repu ndi karoti. Apongozi akuti nazale n'kutaya nthawi, ndingofesa pabedi, zikamera ndipatulire. Koma mbewu ya haibulidi yadula, kapaketi n'kochepa. Inu mumatani?

Mayi wa ku Katete:
Mwanawe, apongozi akulondola pa karoti pokha. Karoti, therere, nyemba ndi maungu sizifuna kuzulidwa. Karoti ukamuwokera amachita mphanda, ku msika wa Saturday Market ku Chipata ogula adzangomuyang'ana n'kupitirira. Matimati ndiye nazale basi. Ine ndimakweza bedi, kusakaniza manyowa owolerana, kulemba mizere ndi chala, kufesa motalikitsa, n'kuphimba ndi udzu wouma. Zikangotumphuka, udzuwo uchoke pansi, ukwere pa kachisakasa kofika m'chiuno. Ukazengereza mbande zimatalika zoyezuka, zopanda mphamvu. Pakatha masabata 4 kapena 5 wokera madzulo, dzuwa litapendeka. Sabata lomaliza uzichepetsa madzi ndi kusasula udzu pang'onopang'ono kuti zizolowere dzuwa.

Mlimi wa ku Lundazi:
Amayi anena zonse. Ine ndingokuchenjezani za dambolo, achimwene. Mu Juni ndi Julaye chisanu chimatsikira kumeneko usiku, matimati amamera mochedwa. Nazale ikani kunyumba, pomwe muziiona m'mawa uliwonse. Madzi asachuluke, mbande zimawola m'munsi n'kugwa bedi lonse. Pamwamba ndimakuta ndi neti yakale yomwe inatha ntchito, chifukwa cha nkhuku, ziwala ndi kagulugufe ka Tuta kowononga matimati, kamene kanatilowera mu 2016. M'dimba lonse simungakute, koma kabedi kamodzi n'kotheka.

Bambo wa ku Sinda:
Pa repu ine nditsutsa. Mbewu yake siyodula, ndimafesa pompo, zopatulirazo n'kukhala ndiwo za tsikulo. Kunyamula makeni kawiri, ku nazale ndi kudimba, msana wake wa ndani?

Mnyamata wa ku Mchini, Chipata:
Zikomo nonse. Nanga anyezi?

Mayi wa ku Katete:
Nazale, masabata 6 mpaka 8, tsinde lifike ngati pensulo. Koma fulumira, anzako anafesa mu Marichi ndi Epulo.