Cessna 172: ndi pati pomwe tiyenera kusiya kutera n'kubwerera m'mwamba?

Mapiko_Anthete:
Akuluakulu, ndithandizeniko. Mabuku amangoti kutera kukasokonekera chita go-around (kusiya kutera, kukweranso n'kuzungulira kuti udzayesenso), koma kusokonekera kwakeko kumayambira pati? Liwiro likapitirira ndi ma knot 8 (knot ndi muyeso wa liwiro la ndege) uli pa final, gawo lomaliza lotsika molunjika runway, ukonze kapena ubwerere? Nanga ndege ikanjanja kamodzi? Ndipo dzanja liyambire pati, pa throttle (chowongolera mphamvu ya injini) kapena pa ma flap (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zotsitsidwa potera)?

Mlangizi_Wakale:
Achimwene, nkhaniyi muziigamula musanakhotere pa final, chifukwa mukayandikira pansi mtima umangofuna kutera basi. Dziikireni malire awiri.

Oyamba akhale pa mafiti 300 kuchokera pansi, ena amaika 500. Pofika pamenepo ndege ikhale italunjika pakati pa runway, ma flap omaliza atatsika, liwiro lili pa ma knot 65, losapitirira ndi 10 kapena kuchepera ndi 5. Ngati mwatseka throttle yonse n'kuweramitsa mphuno kuti mupeze runway, ndiye kuti muli m'mwamba kwambiri. Chimodzi mwa izi chikasowa, bwererani. Ma knot 8 anuwo amakonzeka mukadali pa mafiti 500, koma pa mpanda wa bwalo ayi. Liwiro likawonjezeka ndi 10 peresenti, mtunda woterera umakula ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo ndege imangoyandama runway ikutha.

Malire achiwiri ali pansi. Gawani runway patatu, matayala agunde m'gawo loyamba. Sankhiranitu chinthu chooneka ndi maso, kaya windsock (kathumba koonetsa komwe mphepo ikulowera) kapena pokhotera taxiway. Mukachidutsa matayala asanakhudze pansi, bwererani, musadzifunsenso kawiri.

Dzanja_pa_Throttle:
Yambani ndi mphamvu nthawi zonse. Kankhani throttle mpaka kumapeto, mosalala koma mosazengereza. Ngati injini ndi ya carburettor, tsekani carb heat (chotenthetsera mpweya wolowa mu injini) nthawi yomweyo, apo ayi mpweya wotentha ukudyerani mphamvu.

Apa ndi pomwe anthu amavulalira. Trim, yomwe imathandiza kugwira mphuno pamalo amodzi, mudaiikira liwiro lotsika, ndiye mphamvu zikabwera zonse mphuno imadzuka yokha mwaukali. Kankhirani chiwongolero kutsogolo ndi mphamvu ndithu, mphuno ifike pokwerera basi, trim mukonze pambuyo. Phazi lamanja lipondenso rudder (chokhotetsera mphuno kumanja kapena kumanzere), chifukwa propela imakokera mphuno kumanzere, makamaka liwiro likakhala lochepa. Mphuno yodzuka kwambiri, mpira wa pa turn coordinator uli pambali kusonyeza kuti ndege ikutererekera m'mbali, mafiti 50 kuchokera pansi: stall (mapiko kulephera kunyamula ndege) ya pamenepo ilibe populumukira.

Kenako ma flap abwere pa madigiri 20 msanga. Ma 172 akale okhala ndi madigiri 40 amakwera movutikira kwambiri ma flap onse ali pansi. Buku la 172N limati kwerani pa ma knot 55, la 172S limati 60, choncho werengani la ndege yanu. Bwezani ma flap akhale pa madigiri 10 mpaka mitengo ndi mawaya zitadutsa, kenako chotsani onse liwiro litakwana. Musawachotse onse kamodzi, ndege imatitimira.

Wailesi ibwere pomaliza. Ngati mwabwerera chifukwa ndege ina ikunyamuka pansi panu, sunthirani pambali pa runway pomwe muziiona bwino.

Mapiko_Anthete:
Zikomo kwambiri. Za kunjanja zija bwanji?

WaKumtunda:
Ikanjanja pang'ono, mphuno ili m'mwamba, mukadali pakati ndipo runway ilipo yambiri, wonjezerani kamphamvu pang'ono, gwirani mphuno pomwepo, itera yokha. Ikadumpha kwambiri, kapena kukakhala mphepo yam'mbali, kapena ikanjanja kachiwiri, bwererani. Choopsa ndi kukankhira mphuno pansi pofuna kuikakamiza. Tayala lakutsogolo limayamba kugunda, ndege n'kudumphanso kuposa poyamba, ndipo mathero ake ndi mwendo wakutsogolo wothyoka, firewall (chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu) yopindika ndi propela yokanda pansi.

Koma ndisiyaneko pang'ono ndi mawu oti go-around imatheka nthawi iliyonse. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mafiti oposa pang'ono 4,000. Mu Okutobala kukatentha madigiri 30, ndege imauluka ngati ili pa mafiti pafupifupi 6,800, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mafiti 1,000 aliwonse. Mixture (kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya) ikakhalanso full rich, kutanthauza mafuta ochuluka zedi, pamalo otere, mphamvu zimachepa kwambiri. Ku Kamuzu runway ndi yaitali, vuto palibe. Koma pa kabwalo kafumbi kakafupi kokwera chimodzimodzi, anthu anayi ali m'kati, mwatera pakati, mwaponda kale mabuleki ndipo liwiro latsika, kuyesa kunyamukanso kungakufikitseni pamitengo muli pa liwiro lalikulu. Pamenepo ndi bwino kupitiriza mabuleki n'kutulukira kumapeto pang'onopang'ono. Mabwalo ena otereredwa mbali imodzi, phiri lili kutsogolo, ali ndi malo omwe mukawadutsa kubwerera kulibenso. Funsani odziwa bwalolo musananyamuke.

Pa mabwalo opanda mpanda, dutsani kaye pamwamba muone mbuzi, anthu apanjinga ndi windsock. Mphepo yakumbuyo ya ma knot 2 okha imawonjezera mtunda ndi 10 peresenti malinga ndi buku la Cessna, ndiye ya ma knot 6 yakudyerani kale 30 peresenti musanagunde n'komwe pansi.