Zithunzi za zidole zanga zatuluka zakuda, thandizeni

Wa ku Chilomoni: Madala ndithandizeni pa ichi. Mwezi wa Meyi ndinali ku London kwa asisi anga ndiye ananditengera ku Covent Garden, pabwalo la tchalitchi cha St Paul's pomwe chaka ndi chaka amachita chikondwerero cha zidole za Punch and Judy, sewero lakale la ku England la zidole zovala m'manja, amakumbukira chaka cha 1662 pomwe munthu wina analemba koyamba kuti waona Punch pamalo omwewo. Tinyumba ta zidole tinali ndandanda, nsalu za mizere yofiira ndi yoyera, mwini wake wabisala mkati manja ali mmwamba, ana akhala pansi akukuwa. Ndinajambula heve koma nditatsegula pa laputopu mtima unandiwawa, nsalu ikuoneka bho koma pakazenera pomwe pali zidolezo pali bii, ndipo pomwe Punch akumenya ndi kandodo kake pangotuluka chizimezime. Loweruka lino gulu lina la zisudzo landipatsa ganyu ku Ndirande, nawonso ndi zidole m'kabokosi, sindikufuna zibwerezenso.

Wa ku Limbe: Unali pa auto eti?

Wa ku Chilomoni: Ndinali pa aperture priority achimwene, pomwe iwe umasankha kukula kwa bowo la lenzi kamera nkusankha yokha liwiro la shata, ndipo metering, kayezedwe ka kuwala, ndinasiya ya chithunzi chonse.

Wa ku Limbe: Ndi pomwepo. Kamera ikaona mizere yoyera ija ndi thambo imaganiza kuti kwawala kwambiri ndiye imachepetsa kuwala, zidole zomwe zili mu mthunzi wa kadenga zimafera pomwepo. Ika spot metering, yoyeza kuwala pakamalo kamodzi kokha, loza pankhope ya chidole, ona manambala omwe yakupatsa kenako pita pa manual uwatsekere, chifukwa kuwala kwa mkati mwa kabokosi sikusintha ngakhale iwe usunthe. Liwiro la shata lisatsike pansi pa 1/500 ya sekondi, manja a anthu amenewa amathamanga kuposa mmene maso amaonera. ISO, yomwe ukaikweza imawalitsa chithunzi koma nkubweretsa timchenga, usaiope, 800 ngakhale 1600, kasitomala amakhululuka timchenga ta pachithunzi koma chizimezime sakhululuka.

Wa ku Bangwe: Ine ndikanangoyatsa flashi basi, fill pang'ono yowalitsa mu mthunzimo zatheka.

Mayi wa ku Zingwangwa: Ayi achimwene flashi ine ndikukana. Nkhope za zidole zambiri ndi za penti wonyezimira, flashi ikamenya pamphuno pamatuluka kadontho koyera ndipo kumbuyo pansalu pamabwera chithunzithunzi chonyansa. Komanso ganizirani munthu ali mkatimo, akuyang'anira pa kansalu kopyapyala thukuta lili kamukamu, inu nkumamuthwanimira m'maso sewero lonse. Ine ndinajambulapo zotere pa sukulu ina, chomwe chinandithandiza ndi kufika msanga asanaimike kabokosi, ndinawapempha eni zidole kuti kazenera kayang'ane komwe kukuchokera kuwala koma dzuwa lisamenye mwachindunji, anavomera osavuta. Kukachita chiperoni tsiku limenelo uthokoze Mulungu mwana wanga, mitambo ija ndi softbox yaulere, imafewetsa kuwala.

Wa ku Bangwe: Pa penti ponyezimirapo mwanena zoona mayi, sindinaganize.

Wa ku Limbe: China, jambula RAW, mafayilo aakulu omwe amasunga zambiri zoti nkukonza pambuyo kuposa JPEG. Ukayeza kuwala pa chidole mizere yoyera ipsa pang'ono, ndipo chofiira chimayamba kutaya tsatanetsatane msanga, ndiye yang'ana histogram, kagirafu koonetsa kuwala pakamera, ya mitundu itatu osati yoyera yokha. Za ku London zija ngati zili RAW kweza shadows, malo akudawo, mu pulogalamu ya Lightroom, zina zipulumuka.

Wa ku Chilomoni: Zinali JPEG zonse, khadi inali yaing'ono.

Mayi wa ku Zingwangwa: Bwereka khadi kwa ine ndili nayo ya 64GB. Ndipo usaime ngati wojambula ukwati, gwada pomwe akhala ana kuti kabokosi kaoneke kakakulu ngati mmene iwo akukaonera, bowo la lenzi la f/4 kapena f/5.6 likwana. Ukatenga zidole tembenuka utengeko nkhope za anawo, koma uyambe wafunsa a gululo ngati makolo ndi aphunzitsi avomereza, nkhani ya zithunzi za ana mabungwe saseka nayo masiku ano.

Wa ku Chilomoni: Ndayesa pompano pakhonde, ndaboola katoni ndaikamo chidole cha mwana wa neba, iye akuchigwedeza. Spot pankhope, 1/500, f/4, ISO 1000, maso a chidole akuoneka mbee ngakhale mkono uli mmwamba. Mayi khadi ija ndidzatenga Lachisanu ndikamachokera ku tauni.