Kukwerera ku Likhubula, kutsikira ku Fort Lister: anyamata abwerere bwanji?

Wa ku Likhubula: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Julaye ndili ndi alendo atatu. Phiri la Mulanje tikwerera ku Likhubula kudzera njira ya Skyline, kugona m'nyumba za alendo za pa Chambe ndi pa Chisepo, m'mawa wake nsonga ya Sapitwa, kenako nyumba za pa Thuchila ndi pa Sombani n'kutsikira ku Fort Lister, mbali ya ku Phalombe. Mutu wandiima pa anyamata onyamula katundu. Chaka chatha titangotsika, alendo anakwera galimoto yawo n'kubayibitsa, ine n'kutsala pamsewu ku Phalombe ndi anyamata anayi, mapazi atatupa, ya kabaza palibe. Ndinatulutsa ya m'thumba mwanga.

Mkulu wa ku Chitakale: Mphwanga, yobwerera imanenedwa pansi, zikwama zisanakwere pamutu. Ilembe pamtengo. Mlendo sakana zimene wamva poyambira, amakana zom'dzidzimutsa pothera.

Wa ku Phalombe: Zoona bambo, koma nafe tidandauleko. Mumatsikira kwathu ndi anyamata anu, athu n'kumangokuonererani ngati ukwati. Chikokolokereni minda ndi Freddy mu 2023, ganyu ya m'phiri ndi imene ikugwira makomo ena kuno. Bwanji osasinthana pa Thuchila? Anu abwerere, athu alandire katundu.

Mkulu wa ku Chitakale: Julaye ameneyu? Chiperoni chikakuta Sapitwa, mamita 3,002 aja sukwera, miyala imaterera ngati yapakidwa sopo, ndipo mnzako ali apa sumuona. Mumakhala pa Chisepo kuotha moto wa mlonda tsiku lathunthu, mwina awiri. Anyamata anuwo adikira pa Thuchila akudya chiyani, tsikulo awalipira ndani? Netiweki nayo kumtundako ndi ya mwayi.

Wa ku Phalombe: Apo mwandigwira.

Mayi wa ku Mulanje boma: Achimwene, musavutike n'kusinthana m'phiri. Tengani awiri a ku Likhubula, awiri a ku Phalombe abwere madzulo ake adzayambire nanu limodzi. Potsika a ku Phalombewo ali kale kwawo, a ku Likhubulawo ndi amene akwere kabaza kubwerera. Ndalama ya ulendo ndi yomweyo, koma mbali zonse zadyapo. Kungoti muyambe mwalankhula ndi amene amasunga mndandanda wa anyamata ku Likhubula, asamve ngati mwawadumphitsa mzere.

Wa ku Likhubula: Imeneyo ndatola, mayi. Ndiikanso tsiku limodzi lapadera pa Chisepo, alendo adziwiretu kuti n'lolipira. Achimwene a ku Phalombe, mundipezere awiri oidziwa bwino njira ya Sombani, akhale ndi majekete. Ufa ndi usipa ndigula pa Chitakale.