Mchemwali akufuna ndizitumiza usipa ku Indiana, kodi zingayende?

Wapagolosale, Salima:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mchemwali wanga ali ku South Bend, ku Indiana, m'dziko la America, ndipo wandiumiriza kuti ndizimutumizira usipa wa ku Senga Bay ndi mpunga azikagulitsa, phindu tizigawana. Ine changa ndi kagolosale pa Kamuzu Road, mpamba wake ngwochepa. Kodi kumeneko anthu ndalama amazipeza bwanji? Ndithirepo mpamba kapena ndisiye?

Mnkhotakota wa ku Elkhart:
Achimwene, Indiana ndi dera la mafakitale. Kuno ku Elkhart, kufupi ndi South Bend komweko, timapanga ma RV, magalimoto aja okhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati momwemo. Subaru ili ku Lafayette, Toyota ku Princeton, pomwe Eli Lilly, ya mankhwala, yakhala ku Indianapolis kuyambira 1876. Mukangotuluka m'tauni ndi chimanga ndi soya basi, minda yosaoneka polekezera. Makampani amakondako kuno chifukwa msonkho wa boma la Indiana pa phindu lawo ndi 4.9 peresenti yokha.

Koma musatengeke. RV munthu amagula zinthu zikamamuyendera. Chuma chikangogwedezeka, maoda amaima, maola a ntchito n'kudulidwa. Mu 2009 kuno kunali kulira, anthu ambirimbiri anachotsedwa ntchito. Malipiro otsikitsitsa mwalamulo akadali madola 7.25 pa ola, ngakhale mafakitale amalipira kuposa apo. Ndiye ogula usipa wanuwo ndi ife tomwe a mashifitife, lendi ikatipana ndiwo zakumudzi zimayamba zadikira.

Nachisale wa ku Chipoka:
Bambo, usipawo adya ndani kumeneko? Amalawi okhaokha, ndipo ambiri amachita kuwanyamulira achibale m'masutikesi. Wodya pakhomo ndi wogulitsa ndi nkhani ziwiri: chakudya cholowa ku America kukagulitsidwa chimadzera m'manja mwa a FDA, bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala, pali zolembetsa. Muwafunse achemwaliwo kuti mapepala amenewo ayendetsa ndani, nanga ya ndege alipira ndani. Ndikuona ngati mpamba onse akufuna uchoke kwa inu.

Wapagolosale, Salima:
Mayi, mwalasa. Za ndege sanatchuleko n'komwe. Akubwera pa Khirisimasi, ndimugulira ndowa imodzi anyamule yekha, akaone kaye ngati anthu a kutchalitchi kwawo angagule. Achimwene a ku Elkhart, mpunga wonunkhira wa kwathu kuno umapezeka m'mashopu kumeneko?