Mlongo wanga sakugona chifukwa cha ntchito yosefa mavidiyo, ndithandizeni nzeru

A Admin, ndibisireni dzina.

Mlongo wanga wamng'ono ali ku Nairobi, pakampani ina yosefa zonyansa za pa intaneti. Tsiku lonse amakhala pa kompyuta kuonera zomwe anthu adandaula nazo: wina akudulidwa khosi, ana akugwiriridwa. Iye agamule kuti ichi chichotsedwe, ichi chikhale, mabwana akumuwerengera masekondi. Atabwera pa Khisimasi sanali munthu yemwe uja. Usiku amadzidzimuka n'kukakhala pakhonde mpaka kucha. Titapha mbuzi anathawira kuseri kukasanza. Akuti anasaina pangano loti asaulule zomwe amaona, ndiye ukamufunsa amangoti "achemwali, zisiyeni." Vuto n'lakuti ndi amene akulipirira fizi ang'ono athu awiri. Ndimuuze asiye ntchitoyo?

Bambo a Tadala: Kuonera mavidiyo uli khale pampando nayonso ikhale ntchito yodandaula? Anzake tikuswa miyala padzuwa.

Nabanda: Bambo inu, musaseke zomwe simukuzidziwa. Ine ndine namwino. Kusagona, kudzidzimuka, kuthawa magaziko, zikufanana ndi PTSD, matenda amene amagwiranso asilikali obwera kunkhondo. Mu 2020 Facebook inavomera kulipira madola 52 miliyoni kwa ogwira ntchito imeneyi ku America. Ku Kenya komweko Daniel Motaung wa ku South Africa, yemwe ankagwira ntchito yomweyi, anasumira Meta, eni ake a Facebook, mu 2022, ndipo mu 2024 dokotala wa ku Kenyatta National Hospital anapeza oposa 140 mwa ogwira ntchitoyi akudwala PTSD. Achemwali, asathamangire kusiya chimanjamanja. Ayambe waonana ndi dokotala wa matenda a maganizo yemwe salipidwa ndi kampaniyo, amulembere lipoti, alisunge bwino. Dokotala amasunga chinsinsi, asaope kumuuza zonse. Akabwera kuno, chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God chilipo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Komanso mufunseni mosapita m'mbali ngati amaganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo.

Mayi Gondwe: Mapemphero inde, koma kuchipatala apitenso. Za fizi khalani pansi ngati banja, mwanayo asasenze yekha.

Wolemba funso: Zikomo a Nabanda. Za kudziphazo ndiye mtima wanga wagunda, sindikudziwa poyambira. Ndimufunse ndekha pa foni usiku uno, kapena ndituma amalume, poti amawamvera?