Mazira 30 mu inkyubeta, miluza yamoyo inayi yokha

Wa ku labu, Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni. Lachinayi sabata ya mawa ophunzira akuyenera kuona mluza wa nkhuku wa maola 72, mtima ukugunda. Ndayesa thireyi imodzi, inkyubeta (makina ofungatira mazira) pa madigiri 38. Lero ndatsegula: anayi ali bwino, ena muli kamzere ka magazi kozungulira koma mluza osaoneka, ambiri mulibe kanthu, chachikasu chili mbee.

Mayi a za ziweto: Funso loyamba, achimwene, mazirawo munawagula kuti?

Wa ku labu: Theka mu shopu m'tauni, theka kwa amayi ena ku Mitundu.

Mayi a za ziweto: Ndiye nkhani yatha theka. A mu shopu ndi a nkhuku za m'khola zosaonana ndi tambala, mungawafungatiritse mpaka Khrisimasi osatuluka kanthu. Iswani limodzi losaphika m'mbale muyang'ane kadontho koyera pamwamba pa chachikasu. Kakakhala kakang'ono kothinana, mulibe tambala. Kakakhala kotakata, kokhala ndi mkombero ngati diso, limenelo ndi lanu.

Mphunzitsi, Kawale: Koma a kamzere ka magaziwo tambala analipo. Mluza unayamba, n'kufera panjira. Magetsi sanazime?

Wa ku labu: Anazima usiku wachiwiri, anabwera m'mawa.

Mphunzitsi: Ine sindikuwaika magetsi patsogolo. Dzira likazizira maola ochepa mluza umangochedwa, thadzi nalonso limachoka pamazira kukadya. Chimene chimapha msanga ndi kutenthetsa. Themometa ya pachitseko musaikhulupirire, ikani ina mkati pafupi ndi mazira, muone ngati ili pakati pa 37.5 ndi 38. Kambale ka madzi pansi kalimo?

Mayi a za ziweto: Komanso ndi kutentha kwa Okutobala kuno, dzira lokhala padzuwa pamsika limayamba kukula mosokonekera lisanafike kwa inu. Pitani pakhomo penipeni, muone tambala ndi maso anu, mmodzi pa misoti pafupifupi khumi. Mutenge osapitirira sabata chiikiridwe, osawatsuka, ndipo asabwere pa kabaza m'mabampu. Amene amaweta za Mikolongwe nthawi zambiri amasunga tambala.

Wa PhD, ali kunja: Bwana, kuwonjezera pang'ono. Musamawerenge maola okha. Akatswiri a sayansi Hamburger ndi Hamilton mu 1951 anagawa kakulidwe ka mwanapiye m'masiteji 46 chifukwa mazira oikidwa tsiku limodzi sakulira limodzi. Mukufuna cha pa siteji 18 mpaka 20. Ndi magetsi athuwa ikani m'magulu awiri, lina mutsogoze ndi theka la tsiku, limodzi ligwera bwino. Otsalira m'mbuyo musataye, mtima umayamba kugunda tsiku lachiwiri, ndipo ana awerenga ma somite, timagulu ta maselo tondandana mbali zonse ziwiri za msana wa mluza.

Goneketsani dzira chammbali, mulembe X pamwamba ndi pensulo, chifukwa mluza umayandama kumtunda. Musanaboole zenera loonera mluza pachigoba, kokani mamililita awiri kapena atatu a choyera ndi sirinji ku mbali yobunthayo, singano yoloza pansi kuti musabaye chachikasu. Matani selotepi pachigoba kenako mudule ndi kasizasi, tizidutswa sitigweramo.

Mphunzitsi: Zimenezo zoona. Ndipo usiku wa tsiku lachitatu unikani ndi tochi ya foni mu mdima, pa mazira a chigoba choyera mitsempha imayamba kuoneka. Oderawo amavuta, dikirani tsiku lachinayi kapena mungotsegula.

Wa PhD: Mukapeza a zinziri onjezerani angapo. Katswiri wa sayansi Nicole Le Douarin ankasamutsa maselo a zinziri kuwaika mu mluza wa nkhuku kuti aone kumene maselo a neural crest, amene amayambira pamsana pa mluza n'kusamukira mbali zina za thupi, amathera. Ophunzira amaikonda nkhani imeneyo.

Wa ku labu: Zinziri zidikire kaye, a dokotala. Ndaika themometa yachiwiri, ikuwerenga 40. Ndatsitsa. Loweruka ndilawirira ku Mitundu ndi katoni ya utuchi. Mayi, usiku magetsi akazima ndipange bwanji?

Mayi a za ziweto: Osatsegula chitseko, fundikani bulangete. Akachedwa kwambiri ikani mabotolo a madzi ofunda m'mbali, asakhudze mazira.