Chaka chachiwiri cha uinjiniya ku Joni: malikisi, vac work ndi mapepala, ndiyambire pati?

Mnyamata_wa_ku_Ntcheu:

Moni akuluakulu. Ndili chaka chachiwiri cha civil engineering kuno ku Joni pa viza ya sukulu. Anzanga eni dziko ambiri ali kale ndi makampani owalipirira fizi, ndipo vac work, ntchito yophunzirira ya pa tchuthi, amakachitira komweko. Ine malo onse amene ndikuwaona pa intaneti alembedwa kuti ndi a nzika zokha. Kodi munthu wa ku Malawi amalowera khomo liti? Komanso ndigawe bwanji nthawi pakati pa mabuku, ganyu ndi kudziwana ndi anthu a ntchitoyi? Ndithandizeni chonde.

Mayi Nabanda:

Mwanangu, yambani ndi mabuku, chifukwa viza yanu imadalira kuti mukhale wolembetsedwa pa sukulupo. Yunivesite ikakuchotsani chifukwa cholephera, viza imatha ntchito, ndipo za vac work sizikambikanso.

Tengani pepala muwerengere nokha. Kuno credit imodzi imaimira maola 10 a ntchito yonse, kuphatikiza kalasi, labu, kuwerenga ndi mayeso. Chaka chimodzi sichichepera ma credit 120, ndiye maola 1,200, ndipo uinjiniya umapitirira pamenepo. Mukagawa pa masabata pafupifupi 30 a chaka cha sukulu, ndi maola 40 kapena kuposa pa sabata. Ganyu wa maola 20 akawonjezeka pamwamba pake, chimene chimayamba kufa ndi ma tutorial, ndipo ndi momwemo mmene masamu ndi mechanics zimalowera m'mutu.

Sabata yoyamba ya semesita tsegulani course outline ya phunziro lililonse, mulembe zinthu zitatu: malikisi a mkati mwa semesita amalemera bwanji, pakufunika angati kuti muloledwe kulemba mayeso omaliza, ndipo pa mayesowo malire otsikitsitsa ndi ati. Kukhoza ndi 50%, koma maphunziro ambiri amafunanso kuti pa pepala lomalizalo musatsike pa 40%, ngakhale malikisi anu a m'kalasi atakhala okwera bwanji. Ana ambiri amagwa apa. Amaganiza kuti ma assignment awanyamula, osadziwa kuti mayeso ali ndi lamulo lakelake.

Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi maphunziro amene amatsekereza ena. Mukalephera strength of materials chaka chachiwiri, structural analysis ya chaka chachitatu simuloledwa, ndipo nthawi zambiri phunzirolo limaperekedwa kamodzi pa chaka. Phunziro limodzi lokha limawonjezera chaka chathunthu cha fizi, lendi, medical aid ndi viza yatsopano. Kwa mwana amene makolo ake akusintha makwacha kukhala marandi, imeneyo ndi ngongole yolemetsa banja lonse, ndipo NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira, sithandiza akunja. Choncho jambulani mzere wa maphunziro onse mpaka chaka chachinayi, muchonge amene ena akudalira, ndipo amenewo muwapatse nthawi yochuluka kuposa ena.

Aphunzitsi amakhala ndi maola amene amakhala mu ofesi kudikira ophunzira. Pitani ndi funso lenileni, mutayesa kale kuwerengera, muwaonetse pamene mwatsamwa. Kumeneko ndiye kudziwana ndi anthu koyamba, chifukwa kalata yokuchitirani umboni idzachokera kwa iwowa. Za lipoti la labu, musabwereke la wa chaka chatha. Turnitin, pulogalamu yogwira okopera, imasunga zimene anzanu anapereka kale, ndipo mlandu wokopera umalembedwa pa mbiri yanu. Ngati Chingerezi cha malipoti chikukuvutani, mayunivesite a Wits ndi UJ onse ali ndi writing centre, pitani msanga lipoti lisanafike tsiku lopereka.

Achimwene_Kapito:

Mayi Nabanda anena zoona. Ine ndiyankhe za khomo lolowera, mphwanga.

Uyenera kumvetsa chifukwa chake malo ambiri amati nzika zokha. Makampani akuluakulu amapeza mapointi a B-BBEE, ndondomeko ya boma yotukula nzika zakuda pa chuma, akalipirira kapena kuphunzitsa nzika za dziko lino zimene lamulo limatchula, ndipo ndalama zambiri za maphunziro a pa ntchito zimadzera ku ma SETA, mabungwe a boma oona za maphunziro a luso. Wolemba ntchito sakudana nawe, akutsatira kumene ndalama zachokera. Ndiye usataye masabata ukudzaza mafomu a pa intaneti amene funso lake loyamba ndi nambala ya ID ya manambala 13. Kompyuta imakutaya munthu asanaone n'komwe CV yako.

Khomo lako ndi makampani ang'onoang'ono ndi apakati, a mainjiniya ochepa, kumene mwini wake amawerenga yekha imelo, komanso makampani amene amagwira ntchito za misewu, madzi ndi migodi m'mayiko a SADC. Kwa amenewa, mnyamata wodziwa Chichewa amene angadzatumizidwe ku Lilongwe kapena ku Tete ndi waphindu. CESA, bungwe la makampani a uinjiniya a consulting, ili ndi mndandanda wa mamembala ake. Sankha 20 kapena 30 a ku Gauteng, ufufuze dzina la injiniya wamkulu wa nthambi imene ukuifuna, umulembere iyeyo.

Imelo ikhale ya mizere yochepa: ndiwe ndani, uli chaka chanji, ukufuna masabata angati, kuyambira tsiku liti mpaka liti, ndipo yunivesite imafuna zimenezi kuti umalize digiri. Nena poyera kuti uli pa viza ya sukulu, zisadzatulukire tsiku losayina. Phatikiza CV ya tsamba limodzi, academic record, ndi kalata ya faculty, zonse mu PDF. Pakapita masiku 10 osayankhidwa, kumbutsa kamodzi basi.

Nthawi yotumiza ndi Julayi ndi Ogasiti, osati Novembala. Ndipo samala ndi kalendala. Ntchito zomanga kuno zimatseka chapakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, ndiye tchuthi chimene chimaoneka chachitali chili ndi zigawo ziwiri zokha zothandiza: kuyambira pomaliza mayeso mpaka pakati pa Disembala, kenako Januwale mpaka sukulu itatsegulira. Amene amagula tikiti ya basi yopita kumudzi pa Park Station mayeso akangotha amakhala ataphonya gawo loyamba lonse.

Ukapeza malo a pa saiti, adzafuna satifiketi ya dokotala yosonyeza kuti thupi lako lili bwino, monga mwa Construction Regulations za 2014, ndiponso udutse induction ya chitetezo. Funsiratu ngati nsapato zachitsulo, chipewa ndi vesiti yowala akupatsa ndi iwo. Ukafika, usakhale mu kontena ya ofesi. Pempha kugwira dumpy level ndi staff (zida zoyezera kukwera kwa malo), uone slump test (kuyeza kufewa kwa konkire), utsatire ma cube a konkire a 150 mm kuyambira pothira mpaka kuphwanyidwa pa masiku 7 ndi 28, uwerenge bending schedule (mndandanda wa kapindidwe ka zitsulo) uli pafupi ndi amene akupinda zitsulo. Foromani ndi amisiri uwapatse ulemu wonse, amadziwa zimene buku silinalembe. Tsiku lililonse lemba mu kabuku zimene wachita, ndipo injiniya wokuyang'anira asayine usanachoke, makamaka akhale wolembetsedwa ku ECSA, bungwe lolembetsa mainjiniya kuno. Anthu amasamuka makampani, ndipo siginecha yofunidwa patatha miyezi 6 imavuta kupeza.

Za misonkhano, lembetsa ku SAICE, bungwe la mainjiniya a civil, ngati wophunzira, upite ku zokambirana za nthambi yawo. Usapite ndi mulu wa ma CV. Mvetsera wolankhula, umufunse funso limodzi lokhudza zimene wanena, mawa lake umutumizire uthenga pa LinkedIn womukumbutsa funsolo. Maofesi othandiza ophunzira, CCDU ku Wits ndi PsyCaD ku UJ, amakonza masiku amene makampani amabwera pa sukulu, amaonanso CV. Pa tebulo lililonse funso lako loyamba likhale lakuti kodi amatenga ophunzira akunja.

Bambo Mwale a ku Turffontein:

Ndiwonjezepo za mapepala, chifukwa apa pamalakwika zambiri. Viza ya sukulu imalola ganyu wosapitirira maola 20 pa sabata. Vac work ya tsiku lonse imapitirira pamenepo, choncho musanasayine kalikonse pitani ku International Office ndi kalata ya faculty yonena kuti ntchitoyo ndi mbali ya digiri, akuuzeni molemba mmene iwo amaiyendetsera. Kalatayo musunge. Ngati akukulipirani adzafuna akaunti ya banki ndi nambala ya msonkho ya SARS.

Viza imalembedwa dzina la sukulu. Mukasamukira yunivesite ina muyenera kupempha kusintha. Kuwonjezera nthawi kumadzera ku VFS, kampani yolandira mapempho a viza, ndipo pempho liperekedwe kutatsala masiku osachepera 60 kuti ithe. Medical aid iyenera kukhala ya kuno, yolembetsedwa ku Council for Medical Schemes, ya kumudzi siiloledwa. Pasipoti nayo muziiyang'ana tsiku lothera. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili ku Pretoria, ndipo consulate ili konkuno ku Joni, koma pasipoti siituluka sabata imodzi. Munthu akatuluka m'dziko viza itatha amaletsedwa kubweranso kwa nthawi, ngakhale atakhala pakati pa digiri.

Mnyamata_wa_ku_Ntcheu:

Zikomo kwambiri mayi, achimwene ndi bambo. Funso limodzi lotsala: ndikamaliza, ECSA imalembetsa munthu wakunja? Nanga ndikafuna kubwerera kumudzi digiriyi idzagwira ntchito?

Achimwene_Kapito:

Imalembetsa, sayang'ana mtundu. Chimene amayang'ana ndi digiri. BEng kapena BSc Eng ya zaka 4 yovomerezedwa ndi ECSA imakulowetsa ngati Candidate Engineer, ndipo Pr Eng, udindo wa injiniya wovomerezeka kwathunthu, imabwera patatha zaka zosachepera 3 ukugwira ntchito pansi pa wokuyang'anira. BEngTech ya zaka 3 njira yake ndi ya technologist, Pr Tech Eng. Ona bwino kuti uli pa iti, chifukwa ena amazindikira kusiyanaku atavala kale gauni. Ukangolandira zotsatira zomaliza lembetsa ngati candidate, popeza critical skills visa, viza yogwirira ntchito za luso losowa, imafuna umboni wochokera ku bungwe la ntchito yako, pamodzi ndi kalata ya kampani yokulemba. Mndandanda wa ntchito zololedwa umasinthidwa ndi Home Affairs, ndiye uwerenge umene ulipo chaka chako chomaliza, osati zimene anakuuza wina amene anadutsa kale. Uyambe zimenezi viza ya sukulu isanathe.

Kumudzi, digiri yakunja imaunikidwa ndi NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ku Lilongwe, ndipo mainjiniya amalembetsa ku Malawi Engineering Institution. ECSA ili mu Washington Accord, mgwirizano wa mayiko wovomerezana madigiri a uinjiniya, zimene zimathandiza kuti BEng yako izindikirike m'mayiko enanso. Usanachoke pa sukulu tenga academic record yodindidwa ndi makope a course outline a maphunziro onse, chifukwa ulwazi (tsamba la maphunziro la Wits) kapena tsamba lililonse la sukulu limakutsekera ukasiya kukhala wophunzira, ndipo ounika nthawi zina amafuna kuona zimene zinali m'phunziro lililonse.